Botolo m'chumuni

Mkulu woyandikana nane ndiye amamanga ndi kukonza ng'anjo zowothera moto m'mudzi mwathu muno, kumapiri a Bukovina. Nsidze zake zidapserera kalekale. Amakonda kunena kuti ng'anjo yatsopano imamva ludzu, koma kachasuyo amamwa ndi iye.

Chisanu chathachi Mayi Saveta, atangoferedwa amuna awo, adamanga katundu kuti athawe nyumba. Mphepo ikawomba, chumuni chinkabuula ngati munthu.

"Ndi malemu Gavril amenewo, alamu. Akundiitana," adatero mayiwo pouza mkuluyo.

Mkuluyo adakanda m'mutu, nakwera padenga poterera ndi chipale chofewa, natsika ndi botolo lakuda bii ndi mwaye.

"Gavril wanuyo ndi uyu. Adandimana kachasu pomanga paja, ndiye ndidamatirira ili m'chumuni kuti mphepo izimuimbira. Kale simunkalimva chifukwa cha mkonono wake."

"Nkhalamba yopanda manyazi inu!"

Mayiwo adamasula katundu. Koma Lamulungu tidawaona pakhomo pa mkuluyo, botolo lili m'manja.

"Kalibwezereni, alamu. M'nyumbamo mwachita zii, tulo sitikubwera."

Adakalibwezeradi, ndipo ulendo uno mayiwo adamuthirira kachasu wodzaza tambula.