Theka la Njerwa ku Rugare

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene anatigwetsera nyumba ku Rugare, mu likulu la Zimbabwe. Ndanama, sanagwetse ndi iwo. Amuna a yunifolomu anafika m'mawa wina nyengo yachisanu, zibonga kumanja, n'kulamula kuti aliyense wokhala m'kanyumba kakuseri agumule yekha. Bambo anga, amene anagwira ntchito ya njanji mpaka msana kupindika, anawaponyera hamala.

"Putsa, mudhara!" anakuwa mmodzi m'Chishona, kutanthauza kuti gumula, mdala.

Bambo anavula chipewa n'kuyamba kumenya khoma lomwe anamanga okha. Ine ndine wamtima wapachala chibadwire. Nditaona fumbi likugwera pa bulangete langa, munthu uja akuseka, ndinatola theka la njerwa n'kumugenda. Linamupeza pakhutu, magazi chuu.

Ine sanandikhudze. Anagwira bambo, kuwagwetsera pa zigumukire, n'kuyamba kuwasambitsa zibonga m'nthiti. Amayi anandikumbatira mwamphamvu kuti ndisapite. Wovulala uja anaponda dzanja lamanja la bambo ndi jombo, n'kupotokola chidendene, ndipo ndinamva zala zikuthyoka ngati tinkhuni touma. Bambo ankangoti, "Ndi mwana, mabwana, ndi mwana."

Tinayamba kugona pansi pa malata awiri otsamira mpanda. Ndinkadikira mbama ya bambo, koma siinabwere. Tsiku lachitatu bambo, dzanja litatupa ngati buledi, anandiitana. M'mawa uliwonse ankawerenga Baibulo la Chichewa lomwe bambo awo anabwera nalo kuchokera ku Malawi, koma tsopano sankatha kutembenuza tsamba.

"Esinati, tandiwerengera. Paliponse pomwe ufune."

Ndinkaganiza kuti akufuna za kukhululuka, ndipo ine ndinalibe nazo ntchito. Ndinafufuza m'Masalimo ndi msunamo mpaka ndinapeza pomwe munthu akupempha Mulungu kuti agulule mano a anthu oipa. Kusukulu tinkaphunzira Chishona, ndiye Chichewa ndinkachiwerenga mopunthwapunthwa, komabe ndinakweza mawu kuti msewu wonse umve.

Bambo anaseka atagwira nthiti. "Werenganso."

Ndinawerenganso. Kachitatu ndinalira kulira komwe ndinakumeza chiyambire tsiku lija. Ndinali ndi manyazi, ndinalinso ndi mkwiyo woti ndikanatha kupha munthu.

"Waona, mwanawe," anatero bambo. "Amene analemba pamenepo nayenso anali ndi njerwa m'manja. Koma anaipereka kwa Mulungu. Mulungu akagenda saphonya, ndipo sizithyoka zala za bambo wa munthu."

Chidzudzulo chonse chinathera pomwepo, sanazitchulenso. Miyezi yonse yomwe tinakhala pansi pa malata aja ndinkawawerengera m'mawa, iwo akundikonza katchulidwe. Chinkatilimbitsa mtima n'chakuti m'bukumo munali anthu othamangitsidwa, omenyedwa, okwiya ngati ife, ndipo Mulungu sankawatseka pakamwa.

Zala zitatu sizinawongokenso. Bambo anapita nazo kumanda zili zopindika.

Lero ndimagulitsa masamba ndi tomato ku Mufakose, mumzinda womwewo, ndipo mtima uja sunasinthe, funsani ana anga. Munthu akandigubuduzira tebulo, maso anga amayamba okha kufunafuna mwala. Ndikatero ndimapita kunyumba, kutsegula salimo lomwe lija, n'kuliwerenga mokweza mpaka mpweya utabwerera. Ndinkayesa kuti Mawu a Mulungu amatonthoza ofatsa okha, koma ndinadzaona kuti amalandiranso ife aukali. Ndikatseka bukulo ndimayang'ana dzanja langa lamanja. Zala zonse zisanu n'zowongoka, ndipo ndikudziwa dzanja lomwe linathyoka m'malo mwake.