Anandilanda Malemu Mkazi Wanga m'Maloto

Ena mukawerenga izi munena kuti chisoni chinandizunguza mutu, ndipo sindilimbana nanu, koma zimene ndikulembazi zinandichitikira ndithu kuno ku Glasgow, masanasana, m'chipinda chofunda bwino, pakati pa anthu aulemu omwa tiyi ndi mabisiketi. Papita zaka tsopano. Sinditchula dzina la munthu aliyense, ngakhale la malemuyo.

Mkazi wanga anamwalira banja lathu lidakali lanthete. Anadwala kanthawi kochepa, ndipo za matendawo ndilekera pomwepo. Anali namwino, ankakwera basi m'mawa uliwonse kupita cha ku Govan, ine n'kuti nditangomaliza kumene ku yunivesite. Anali wolongolola, woseka mokweza mpaka aneba apansi kugogoda denga lawo ndi mtengo wa tsache, ndipo ndikalephera kuyatsa chotenthetsera nyumba ankanditcha aprofesa. Maliro tinapita nawo kwawo ku Dedza. Nditabwerera m'kanyumba kathu ku Govanhill, ndinayamba kumulota.

Sanali maloto oopsa ayi. Ankabwera akufunafuna makiyi, kapena akundikalipira kuti ndaviikanso mbale m'malo mozitsuka. Paja kwathu ukalota malemu umauza abale ake kukacha, kuti ngati pali chimene akudandaula eni ake adziwe, ndiye ine ndinkaimbira foni apongozi anga, mayi ake omubereka, n'kuwafotokozera zonse. Iwo ankayamba n'kuseka, kenako kulira, amvekere ndi yemweyo ameneyo bambo, ngakhale kumeneko pakamwa sipanatseke. Chimene chinatitsalira awirife chinali chimenecho basi. Nditauza mkulu wa mpingo wathu, iye anati achimwene zimenezo ndi ziwanda, bwerani tizipempherere zisiye. Nanga ine ndinkafuna kuti zisiye?

N'chifukwa chake mayi wina wachisikoti wa kuntchito kwathu atandiuza kuti ku Shawlands kuli kagulu kamene kamakumana Loweruka masana, kamene kamaona maloto ngati chuma, ndinapita. Tinkakhala mozungulira m'nyumba ya mtsogoleri wa gululo, mayi waimvi wolankhula motsitsa. Pakhoma panali chithunzi cha dokotala wina wa za maganizo wa ku Ulaya, wotchuka kwambiri, amene anamwalira kalekale, ali ndi kaliwo kukamwa. Sankamutchula dzina, ankangoti Mphunzitsi. Mtsogoleriyo ankanyadira kuti amene anamasulira maloto ake anamasuliridwa ndi munthu amene anakhalapo m'chipinda cha Mphunzitsiyo, ndipo ankanena zimenezi monga mmene ena amanenera za amene anawabatiza. Mkangano uliwonse unkatha wina akangoti Mphunzitsi anatero.

Ine poti ndine wa kusukulu, ndinapita ku laibulale kukafufuza kumene nzeruzi zinachokera. Ndinapeza kuti dokotalayo ali wophunzira ankakhala nawo pa misonkhano yoitana mizimu, pomwe msuweni wake wamkazi ankagwidwa n'kumalankhula mawu a anthu akufa. Atakula anakangana ndi mkulu amene ankamutsatira poyamba, n'kuyamba kucheza ndi anthu a m'masomphenya ake, kukumba mabuku akale a anthu amene ankayesa kusandutsa mtovu kukhala golide, kutolera nthano za mitundu yonse, mpaka anafika ku Africa, kumene ankatiyang'ana ngati akuona ubwana wa mtundu wa anthu. Chiphunzitso chake n'chakuti pansi pa maganizo a aliyense pali chitsime chimodzi cha tonse, ndipo amene timawalota amatuluka m'menemo. Zonsezi ndinaziwerenga ndi maso angawa, ndinaonanso kuti ndi zamizimu zomwe zija, kungoti zavala jekete. Koma Loweruka litakwana ndinakweranso basi. Munthu wamasiye amapita kulikonse kumene akumulola kunena za malemu wake popanda womvera kuyang'ana wotchi.

Ndiye ndinawauza maloto anga, aja ndinkauza apongozi. Anamvetsera bwino kwambiri, ena misozi ili lengelenge. Kenako mtsogoleriyo anandigwira dzanja n'kundiuza mokoma kuti amene ndikumulotayo si mkazi wanga ayi, mkazi wanga anapita, ameneyu ndi mkazi wobisika amene ali mwa mwamuna aliyense, wangobwereka nkhope. Makiyi si makiyi, mbale si mbale. Anatinso ine ndine wodala chifukwa ndine wa ku Africa, ndili pafupi ndi chitsime chija kuposa iwo, ndiye maloto anga ndi mphatso ya gulu lonse. Ndinati pepani mayi, makiyiwo anali a nyumba yathu ndithu, ankawataya mlungu uliwonse. Anamwetulira onse, wina amvekere kumeneko ndiye kukana kumene Mphunzitsi ankanena, ndipo amene akukana kwambiri ndiye kuti choona chamukhudza. Mungatsutsane bwanji ndi anthu amene kutsutsa kwanu ndi umboni wawo?

Pasanapite nthawi, bambo wina wa m'gululo anati usiku wathawo mkazi wanga anamubwerera iyeyo. Loweruka lotsatira anali mayi wina, kenako winanso, mpaka zinangokhala ngati ndi zamasiku onse, aliyense akufotokoza mmene Mayi Wakuda, poti ndi dzina limene anamupatsa, wamuyendera. Ankati amabwera wopanda nsapato, atasenza mtsuko, ali duu, maso odzaza nzeru zamakedzana. Mkazi wanga, amene ankagona ndi masokosi awiriawiri, amene sankatha kukhala chete ngakhale m'tchalitchi! Ndinkafuna kuseka. Koma nthawi yomweyo n'kuti kwa ine atasiya kubwera. Ndinkagona, kukacha mutu uli mbee. Apongozi ankaimba okha tsopano, kufunsa kuti bambo, mnzanu uja sanabwere? Ndinkati sanabwere amayi. Iwo ankati mwina watanganidwa, n'kuyesa kuseka, kenako mmodzi wa ife ankapeza chifukwa chotsanzikira.

Tsiku limene ndinachita mantha enieni linali Loweruka lina kunja kukuwaza kamvula. Mtsogoleriyo anati Mayi Wakuda wayendera anthu ambiri, ndiye kuti ali ndi mawu, tiyeni timupatse pakamwa. Mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankandisungira bisiketi ya chokoleti nthawi zonse, anatsinzina, n'kuyamba kupuma mozama, kenako analankhula ndi mawu okhuthala, apang'onopang'ono, akunditcha mwana wake, akuti ndimumasule chifukwa iye si wa munthu mmodzi, ndi wa onse. Anthu ankalira. Ine sindinakhulupirire ngakhale pang'ono, musandimve molakwa. Ndinangoti mumtima, dikirani ndikumbukire mawu ake enieni, aja ankandiitana nawo ali ku khitchini, ndiwaike pambali pa bodzali. Ndinawafunafuna. Sanabwere. Ndinayesa kuseka kwake, ndinayesa nkhope, koma imene inkabwera m'mutu mwanga inali ya mkazi wosenza mtsuko uja, amene sindinamuonepo chibadwire. Ndinakhala pamenepo kapu ya tiyi ili pabondo, mpaka anamaliza, anandikumbatira mmodzimmodzi n'kundithokoza.

Sindinapitekonso. Mtsogoleriyo anandiimbira kangapo, osakalipa ayi, akuti kuthawa ndi gawo la ulendo womwewo, mpando wanga ulipo. Ndinkaganiza kuti ndikatalikirana nawo mkazi wanga abwerera. Ndinaonera mavidiyo ake a pa foni mpaka kuwaloweza, koma munthu wa pa vidiyo amangobwereza zomwezo, sakukalipira za mbale za lero. Ndinapita ku Dedza, ndinakhala pa manda, ndinawauza apongozi zonse. Sanandidzudzule. Anangofunsa kuti anthuwo ankamudziwa kodi mwana wanga? Nditati ayi, anati ndiye akamafika kumeneko amamulandira ndani?

Chaka chatha ndinakumana ndi bambo uja anayamba kumulota, pa siteshoni ya sitima. Anandikumbatira mosangalala, amvekere Mayi Wakuda akubwerabe, ngakhale kwa atsopano amene sanandionepo ine, moti mlungu womwewo anali atamuyendera iyeyo. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinamufunsa kuti ankaoneka bwanji, ali bwino? Ine, wodziwa bwino lomwe kuti ndi zopeka. Anati ali pa mtendere, ndipo m'malotomo sanalankhule kanthu. Sitima yake inabwera, anakwera.

Lero sindikhulupirira kuti anthu aja ndi afiti, kapena kuti dokotala wawo uja anali woipa mtima, mwinanso alipo amene anathandizidwa ndi mabuku ake. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti malemu amakhala m'tinthu ting'onoting'ono timene owadziwa okha ndi amene amatisunga, ndipo ukatipereka kwa anthu amene ali kale ndi yankho la funso lililonse, amatisungunula n'kuumba chawo. Ngati mwataya wanu ndipo akukubwererani kutulo, kaya akungofunsa za mchere, uzani amene anadya naye, amene angaseke n'kunena kuti ndi yemweyo. Wina akakuuzani kuti malotowo akutanthauza china chachikulu kuposa munthu wanuyo, nyamukani tiyi asanazizire. Apongozi anga akalamba tsopano, ndipo anasiya kufunsa.