Zala Zitatu za Tokuji

Mumzinda wa Sakai, m'kanjira kolowera kumsika wa nsomba, mpeni ukabuntha unkapita kwa Tokuji. Zaka makumi anayi anakhala pa kampando komweko, miyala yonolera ili m'beseni la madzi, msana utapindika ngati mbedza. Pakamwa pake panalibe mpanda. Wophika akabwera ndi mpeni woti anayesa kunola yekha, Tokuji ankautembenuza n'kufunsa, "Uwu mumadulira nsomba kapena mumakumbira manda?"

Maso sankawakhulupirira. Mpeni wodulira nsomba yaiwisi umanoledwa mbali imodzi, mpaka kuseri kwake kutapindika kachitsulo kochepa kuposa tsitsi. Kameneko ndi kamene kamauza wonola kuti basi, leka. Sikaoneka ayi. Umakamva ndi zala zitatu zakumanzere, ukaziyendetsa pang'onopang'ono m'mphepete. Anamuphunzitsa choncho ndi bambo ake, omwe zala zitawachita dzanzi anasiya ntchito n'kumangokhala pakhomo kuyang'ana khoma. Chaka chisanathe anawaika m'manda.

N'chifukwa chake tsiku lina m'nyengo yachisanu, Tokuji atagwira kapu ya tiyi wowira osamva kutentha, sanauze munthu, ngakhale mkazi wake. Mantha anamugwira zenizeni. Miyezi iwiri ankanola mongoyerekeza, ndipo pa mipeni yokhuthala ya ogulitsa nsomba palibe anadandaula.

Lachinayi lina m'mawa kunabwera Morikawa, mwini kanyumba kodyeramo kufupi ndi doko, atanyamula mpeni wautali wokulunga m'nsalu. Unali wa yemwe anamuphunzitsa kuphika, wonoledwa zaka zambiri mpaka kuonda ngati tsamba la nsungwi.

"Akulu, mudakali moyo? Ndimayesa mwala unakumezani kalekale."

"Ndikudikira ndikwirire kaye inu. Mwandibweretsera chiyani, singano?"

"Mawa mwana wanga akukwatiwa, nsomba ndidula ndekha. Koma chonde, chitsulo chatsala pang'ono. Musachidye kwambiri."

"Mwayamba liti kundiphunzitsa ntchito?"

Morikawa anaseka n'kukhala pabenchi kudikira, monga mwa masiku onse. Tokuji anafuna kumuuza kuti abwere masana, koma m'zaka makumi anayi anali asanathamangitsepo munthu pabenchipo, ndipo kuyamba lero kukanadabwitsa.

Anathira madzi pamwala n'kuyamba. Matope otuwa anatuluka bwinobwino. Anaima, nayendetsa zala kuseri kwa mpeni. Palibe. Ananolanso pang'ono, nayesanso. Palibe. Pa mpeni woonda chonchi kuyerekeza sikukanathandiza: ukapitiriza pang'ono pokha, wadya zaka ziwiri za moyo wake. Anakanikiza zala mwamphamvu, kufupi ndi kukamwa kwa mpeni, akuzichonderera mumtima kuti zidzuke lero lokha. Kenaka anabwezera mpeni pamwala, maso ali kudenga monga ankachitira nthawi zonse.

"Akulu." Mawu a Morikawa analibenso nthabwala. "Akulu, tayang'anani mwalawo."

Matope aja anali atafiira. Magazi ankatsetsereka pamwala n'kudontha m'beseni. Zala ziwiri zinali zitang'ambika, mwini wake osamva kanthu.

Morikawa anaimirira, natenga mpeniwo mwaulemu ndi manja awiri. Anayendetsa chala chake kuseri, ndipo nkhope yake inanena zonse: kachitsulo kaja kanali katatuluka kalekale. Tokuji anadikira chipongwe. Ankachilakalaka ndithu, poti munthu amene akukunyoza ndiye kuti abweranso.

Koma Morikawa anapukuta mpeni, naukulunga m'nsalu, nachotsa kampango kake n'kumanga zala za mkuluyo. Kenaka anabwerera m'mbuyo n'kuwerama kwambiri, nthawi yaitali, kuwerama komwe anali asanamuchitirepo.

"Zikomo chifukwa cha zaka zonsezi, bambo."

Atapita, Tokuji anatsala yekha, dzanja lili pamwendo, madzi a pamwala akuuma. Anadzutsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi anayi anaona kuti kutsidya kwa kanjirako, moyang'anizana ndi kampando kake, kuli khoma.