Kukasaka Nkhwazi ya Atate

Ndinatuluka m'nyumba ku Kafue Estates kutangoyamba kucha, Loweruka lina mu Juni, mphepo ikuluma makutu ngati ndinailakwira. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka pakhomo pokha, atadzikulunga m'bulangete. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Atate Dali, muyenda kukopa mbalame na kamera olo kukapha ng'ombe?"

Sanafunse molakwa. Ndinali nditavala khoti loyera lofika m'mawondo ndi magambutsu oyera, zonse zobwereka kwa mlamu wanga wa kubuchala. Nzeru imeneyi ndinaitola m'buku. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma buku lakale lililonse logulitsidwa pansi pafupi ndi siteshoni ndimaligula, ngakhale lopanda chikuto. Lina linali la anthu ojambula mbalame za m'nyanja kumalekezero a dziko, kumene madzi amauma n'kusanduka mapiri. Kumeneko wojambula amagona chafufumimba pa ayezi, atavala zoyera kuti mbalame zisamuone, batire ya kamera ataipana m'khwapa kuti isafe ndi kuzizira. Ndinati Juni wa ku Kafue nayenso si wamasewera, ndichita chimodzimodzi. Zoti kwathu kuno kulibe ayezi woti ndibisalepo sizinandifike m'mutu.

Ulendowu unali wa atate anga. Atapuma ntchito ya njanji ankapita kumtsinje ndi mbedza pafupifupi tsiku lililonse, mpaka sitiroko inawagwira mwendo wa kumanzere. Achipatala anati akamayesa kuyenda pang'onopang'ono mwendowo udzamvera, koma iwo anakana. "Ndiyende ndipite kuti? Mtsinje unatha. Udzu unautseka, nazo nkhwazi zinathawa." Ndodo imene tinawagulira inangokhala kuseri kwa chitseko. Ndinaganiza kuti ndikawabweretsera chithunzi cha nkhwazi ya lero, mwina mtima udzabwerera m'malo. Kamera ndinabwereka kwa mnzanga wa kutchalitchi wojambula maukwati, ndipo anaifuna dzuwa lisanafike paliwombo chifukwa anali ndi ukwati madzulo.

Minibasi ya kutauni inali makwacha khumi. Kondakita atandiona anatsegula chitseko cha kutsogolo, "Ba dokota, nkhalani apa pabwino." Ndisanakonze nkhaniyo, mayi wina kumbuyo anali atayamba kale kundifotokozera za bondo lake limene limalira usiku. Ndinamulangiza kuti apite kuchipatala, ndipo anandithokoza ngati ndamupatsa jakisoni.

Kumsika ndinamwa tiyi ndi mbatata ya kandolo yophika yotentha, ina ndinaika m'thumba kuti izinditenthetsa dzanja. Kenako ndinakwera minibasi ina yolowera kumlatho, makwacha khumi ndi asanu, ndipo nditatsika ndinatsata kanjira ka matope kotsikira kudoko la asodzi.

Nkhungu inali itaphimba mtsinje wonse. Padoko panali phokoso la amayi ogula nsomba ndi asodzi otsitsa maukonde. Nditangotulukira, kamera ili pachifuwa, phokoso lonse linazima. Mabeseni anavundikiridwa ndi zitenje. Mabwato awiri anakankhidwira m'madzi n'kulowa m'nkhungu mwakachetechete.

"Mwauka bwanji, amayi?" ndinalonjera.

"Nsomba kulibe lelo, ba bwana," anayankha mmodzi, ataima pamwamba pa beseni limene mchira wa mlamba unkasuzumira.

"Sinifuna nsomba, nifuna bwato."

"Mabwato yonse yadooka."

Ndinazungulira doko lonse, aliyense akundipatsa ulemu wambiri ndi thandizo lochepa. Dzuwa linayamba kuboola nkhungu, ine ndikungoima ngati kakowa wosochera, ndikuona m'mawa wanga umodzi wokhawo ukusungunuka. Ndinali pafupi kubwerera pamene mayi wina wachikulire, wogulitsa nsomba, anandiyandikira n'kundiyang'anitsitsa pamphuno.

"Imwe, si ndimwe mwana wa ba Mbewe ba njanji, bamene benze kunkhala paja na mbedza?"

"Ndine amene, amayi."

"Manje chikhoti ichi ni cha chani? Bantu baganiza ndimwe ba kanselo, mwabwela kupima nsomba na kutenga maneti!"

Ndinafotokoza za buku, za ayezi, za mbalame zoyenda chilili ngati madikoni ovala masuti. Mayiyo, amene anzake ankamutcha Amake Mutinta, anaseka mpaka anagwira m'chiuno, kenako anabwereza nkhani yonse mofuula m'Chitonga kuti doko lonse limve. Zitenje zinachoka pamabeseni. Koma nditanena za atate, kuseka kunatha.

"Tenze kufunsana kuti mudala uja anayenda kuti," anatero. Anandivula khoti lija ngati akusenda nthochi, nandifunditsa chitenje chake chobiriwira chonunkha nsomba. Anaitana mlongo wake, a Mweemba, amene bwato lawo linachira kudooka nthawi yomweyo. Tinagwirizana makwacha makumi asanu.

Pamadzi ndi pamene ndinadziwa kuti mtunda umatinamiza za kuzizira. Mphepo inkadutsa m'chitenje ngati m'sefa, zala zinauma, mphuno inayamba kudontha. Batire ndinaitulutsa m'khwapa ili yofunda bwino, ndipo pa chimenechi buku lija ndilipatse ulemu wake. A Mweemba ankapalasa ataimirira, akukankha udzu woyandama uja ndi nkhafi. Udzuwo ulipodi wambiri, atate sananame. Koma kuseri kwake kunali moyo. Akakowa anali ndandanda m'mphepete mwa bango, atsekwe anatidutsa pamutu akukalipirana, mphipi zitatambasula mapiko pachitsa ngati zovala zoyanika. Ndinajambula zonsezi, zina ndi mitu, zina zopanda mitu, chifukwa bwato silidikira munthu.

Nkhwazi tinaimva kamodzi, kutali kutsidya, kulira kuja kokweza mutu kumwamba. Tinalondola mawuwo mpaka pa mtengo wina wouma. Panalibe nkhwazi ya mutu woyera imene ili pandalama zathu. Panali chimbalame chachikulu chabulauni, cha mathothomathotho, nthenga zili nyankhalala ngati chagona kumowa.

"Kopani chamene ichi, ba Mbewe," anatero a Mweemba. "Nthawi yanu yasila."

Ndinachijambula ndi mtima wogwa, tinatembenuka. Padoko Amake Mutinta anandibwezera khoti litapindidwa m'pulasitiki, pamodzi ndi nsomba ziwiri. "Izi ni za ba mudala. Mubauze kuti malo yao yakalipo."

Ndinadzera ku Nangongwe kukabweza kamera. Mnzanga anasamutsira zithunzi mufoni yanga uku akupukusa mutu, nati m'moyo wake sanaonepo madzi ojambulidwa mwaluso chotere pamene mbalame yangotulukamo.

Ndinapeza atate ali pampando wawo pakhonde, akuwotha dzuwa. Ndinawaonetsa akakowa, anangoti "Mm." Atsekwe, "Mm." Nditafika pa chimbalame chija ndinafuna kudumpha msanga.

"Bwerera," anatero. "Kulitsa." Anayandikiza foni kumaso. "Iwe, ukudziwa chimene wajambula?"

"Kabawi wodwala, atate. Nkhwazi sindinaipeze, pepani."

"Kabawi! Mabuku onse aja. Uyu ndi mwana wa nkhwazi, mutu sunayere. Ukaona mwana, pali chisa. Ndiye kuti zikuswana." Anabwereza motsitsa mawu, ngati akudziuza okha, "Zikuswana."

Ndinawauza za Amake Mutinta ndi uthenga wake. Anafunsa ngati mtengowo uli kumtunda kapena kumunsi kwa mlatho, ndipo nditayankha anandikalipira kuti sindidziwa kufotokoza malo. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti ndikhoza kunyamula uthenga wabwino osaudziwa, ndi kuti munthu amene ukumutonthoza nthawi zina ndiye woyenera kuuwerenga.

Mkazi wanga akukazinga nsomba zija, atate anandiitananso.

"Kuchokera pamene minibasi imatsitsa kufika padoko, pali mtunda wotani?"

"Ngati kuchoka pano kufika pagolosale ya pakona."

Anayang'ana msewu, kenako mwendo wawo. "Tiyambe ndi pageti. Bweretsa ndodo ija."