Chidebe cha a Delbert Haskew

Mumsewu mwathu muno ku Oklahoma palibe amene sawadziwa a Delbert Haskew. Ntchito yawo ndi yokonza mapampu a pazitsime, koma mukafunsa kuti a Delbert ndi ati, anthu amangoti, "Aja a chidebe aja."

Ndi chidebe choyera chapulasitiki, kale munali penti. Raylene, mwana wawo mmodzi yekhayo, atayamba kuponya mpira wa sofitibo, masewera omenya kampira ndi chibonga, ali ku pulayimale, bambo ake anachivundikira kuseri kwa nyumba n'kukhalapo, golovesi kudzanja, kumawakha. Azibambo onse a ana oponya amatero kuno, koma a Delbert anaonjeza. Kutenthe, kuzizire, ngakhale Lamulungu tikangoweruka ku tchalitchi, ife oyandikana nawo tinkangomva phwa, phwa, mpaka kude. Misongolo yawo inachita kuda bii ndi mipira yowaphonya m'manja, ndipo ankapinda buluku kuionetsa aliyense.

Mtsikana uja atakula, koleji ina inamutenga kuti aziiponyera mpira uku akuphunzira unamwino. Apa ndiye tinasowa kothawira. Komwetsera mafuta nkhani ndi Raylene. Pamaliro, Raylene.

Koma kochi wa kumeneko, mayi Ledbetter, a Delbert sankawakhulupirira. Ankati akumuononga mwana mkono. Ndiye Loweruka lililonse ankayatsa galimoto kukamutenga kuti adzaponye kuseri kuno. Mpanda wathu ndi wamatabwa, subisa mawu.

"Adadi, Lolemba ndili ndi mayeso a mafupa."

"Mafupa sathawa, mwana wanga. Ponya khumi ina."

"Munanena khumi kalekale."

"Chigongono chako chikutuluka panja. Ndi zimene akukuphunzitsa mayi ujayo?"

Akazi awo a Nadine anasuzumira pawindo. "Delbert, musiye mwanayo akawerenge."

"Nadine, iwe unawakhapo mpira chibadwire?"

Windo linatsekedwa.

Masewera oyamba a chaka atafika, a Delbert anabwereka basi ya tchalitchi n'kutidzazamo tonse, ndi abusa omwe. Chidebe chinakwera nawo, poti malo a Delbert amakhala pawaya wotchinga bwalo, kuseri kwenikweni kwa wowakha. Atsikana analowa m'bwalo akuimba nyimbo zawo zija, maliboni ali petupetu kumutu. A Delbert anawayang'ana mmodzimmodzi. Anayang'ananso. Raylene panalibe.

A Nadine ndi amene anamuona, atakhala pamwamba penipeni pa mabenchi, atavala juzi wamba, buku lili pamiyendo.

A Delbert akanangokwera kukamufunsa mwana, bwenzi zitathera m'banja. Koma iwo analunjika pawaya n'kukweza mawu, kuti tonse timve.

"Kochi, mwana wanga mwamusiyiranji? Muli naye wina woponya ngati iyeyo?"

Mayi Ledbetter anabwera pafupi, osakwiya n'komwe.

"Ndilibe, bambo Haskew. Koma Raylene analephera phunziro la mafupa, ndipo lamulo mukulidziwa: wolephera m'kalasi savala yunifolomu. Akalepheranso m'chilimwe chikubwerachi, malo ake atha, ku timu ndi ku koleji komwe."

"Ndiye simumawapatsa nthawi yowerenga?"

"Loweruka lililonse ndinkamumasula kuti awerenge. Ankandiuza kuti amawerengera kwawo, chifukwa kwanu kuli phee."

Kuli phee. Ife a mumsewu umenewu tinangoyang'ana pansi. Abusa anayamba kupukuta magalasi. A Delbert makutu anafiira mpaka m'khosi. Ananyamula chidebe chija, n'kuima nacho osadziwa pochiika, kenaka anakwera nacho mabenchi onse aja, chikugunda m'mawondo mwa anthu.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinkakuuzani, Adadi. Munkati mafupa sathawa."

Anakhala pambali pake, chipewa chili m'manja. Masewera anatha osawaona. 

Miyezi ingapo kuseri kuja kunalidi phee. A Delbert ku tchalitchi ankalowa nyimbo itayamba n'kutuluka isanathe yomaliza. Kenaka tchuthi cha chilimwe chitayamba tinamvanso mawu. Pamatabwa pathu pali kabowo, sindinakabowole ndine. A Delbert anali pachidebe pomwe paja, koma m'malo mwa golovesi anali ndi chibuku chachikulu pamawondo, chala chikuyenda pansi pa mawu.

"Fupa ili likutchedwa... sika... sikapu..."

"Musatchule yankho, Adadi. Ingolozani pathupi panu."

Anapinda buluku n'kuloza msongolo wakuda uja. "Apa, pamene unkandiswa."

"Tibiya."

Anafufuza m'buku nthawi yaitali. "Akuti tibiya."

"Ndiye ndakhoza."

"Basi, tipume. Maso akundiwawa."

"Funsani khumi ena."

A Nadine anaseka m'khitchini mpaka kutsamwa. A Delbert sanaseke. Anatembenuza tsamba.

Raylene anakhoza, mwapang'ono pokha, koma yunifolomu anavalanso. Loweruka amakhala ku koleji komweko. Bambo ake kumasewera amapitabe, okha ndi akazi awo, ndipo amakhala pamwamba paja, chipewa chitatsikira m'maso. Mwana akaponya bwino amangogwedeza mutu. Mayi Ledbetter akawakwezera dzanja, iwo amavula chipewa n'kuyang'ana kumbali.

Chidebe a Nadine anachibowola pansi n'kudzalamo tomato. A Delbert anthu amawatchabe a chidebe, koma masiku ano akamva dzinali satembenuka.