Madzi akuda pa diresi la Tadala

Moni nonse, koma ine lero mtima uli m'mwamba.

Rediyeta, chitsulo chodutsa madzi otentha chotenthetsera kuchipinda kwa mwana wathu Tadala, yakhala ikusokosa ngati wina akumenya paipi ndi hamala. Ndinawauza bambo ake kuti tiimbire landilodi. Iwo amvekere, "Ndi mpweya chabe umenewu, ndaonera pa foni, ndiutulutsa ndekha."

Masana ano pochokera ku shifiti ndawapeza atagwada pa rediyetayo ndi kakiyi kotulutsira mpweya m'manja. M'malo mopotokola pang'ono, amasula kanati konse mpaka kugwera pansi pa bedi. Madzi angoti tsaa, akuda bii, onunkha dzimbiri.

Mukudziwa kumene agwera? Pa diresi loyera limene azakhali anatumiza kuchokera ku Zomba, loti Tadala avale pa ubatizo Lamlungu lino. Ndinali nditalisita n'kulipachika pafupi pomwepo.

Mwana akulira, iwo chala atatseka pabowo, n'kumandifunsa, "Koma mwamva? Phokoso lija latha."

Latha inde, chifukwa boila yotenthetsa nyumba yonse yazima madzi atatayika, ndipo kuzizira kwa ku Leicester mukukudziwa. Diresi ndaliviika, banga silikuchoka.

Abale, tandiuzani: mwanayu avala chiyani kutchalitchi? Nanga alamu anuwa ndiwatani?