Kathebulo Kofanana ndi Desiki

Kushopu yowotcherera zitsulo amawatchula kuti Amizere, poti ndiwo amajambula mageti ndi mafelemu pakompyuta, m'kachipinda konunkha utsi kuseri kwa makina odulira. Mayi amenewa ngovuta, musanamizidwe. Mzere sausiya wokha. Akajambula iwiri, amauza kompyuta kuti iyi iziyenda limodzi osakumana, uwu uime chilili pa uwo, bowo ili likhale pakati penipeni pa linzake. Eniakewo amati kumeneko n'kumanga mizere. Owotcherera amawaseka kuti ngakhale amuna awo anawamanga chomwecho, n'chifukwa chake sapatuka akaweruka kuntchito.

Mwana wawo wachisamba, mtsikana, anabadwa ndi miyendo yosalimba. Kusukulu njinga yake ya olumala siinkalowa pansi pa desiki, ndiye ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, yekhayekha, kope lili pamwendo. Mwanayo sankadandaula, ndipo chimenechi n'chomwe chinkawadya mtima Amizere.

Anapita kukalasiko ndi tepi, nayeza madesiki. Atabwerako anajambula mpando wokhala ndi kathebulo kakekake. Miyendo ya mpandowo anaimanga kuti ikhale yofanana, popondera mapazi pagone bwino, ndipo pamwamba pa kathebuloko anapamangirira ku mzere umodzi, womwe unali msinkhu wa desiki ya anzake a mwanayo. Zina zonse zinkatsatira mzere umenewo.

Tsiku lodula zitsulo, mlamu wawo, mkulu wa owotcherera, yemwenso mwana wake ali kalasi yomweyo, anabwera ndi nkhani yoti ana awasamutsira m'chipinda china cha madesiki otalikirapo. Anati angodula momwemo basi, kusiyana pang'ono chabe ndani angakuone. Koma nkhope imene Amizere anamuonetsa! Anatola tepi ulendo wa kusukulu, ndipo atabwera thukuta lili kamukamu, anasintha nambala imodzi yokha pakompyuta. Mpando wonse unadzikonza mlamuyo akuona. Miyendo inatalika, mabowo anakwera pamodzi, ndipo palibe chinapendekeka.

"Dulani tsopano, alamu. Mwana wanga sakakhala chotsika pakati pa anzake."

Tsiku loyamba ndi mpando watsopanowo, mtsikana anafika kunyumba atatupa ndi mkwiyo. Anati mnzake wokhala naye pambali ngosowetsa mtendere: amamugunda ndi chigongono, amaonera masamu, komanso pensulo yake imangogubuduzika kuchoka padesiki n'kubwera pakathebulo.

Amizere anasiya mbale imene ankatsuka.

"Pensuloyo siikodwa polumikizira desiki ndi kathebulo?"

"Ayi amayi, imangodutsa. Mawa mukamuuze asiye."

Amizere anatembenukira kuzenera kuti mwana asaone misozi yachimwemwe. Zaka zonsezi mwana wawo analibe mnzake woti n'kukangana naye. Kusukuluko sanapite, ndipo anamuuza kuti nkhani ya pensulo akathane okha awiriwo.